Mzere Wofiira pa Singano

Azibambo akuluakulu, ena imvi zili mbuu, kumakumana Lamlungu lililonse pabwalo la kuseri kwa fakitale yotsekedwa kuti aziulutsa tindege ta zidole! Ndege yake kutalika ngati thebulo la kukhitchini, injini yake ngati chibakera changa, koma mwini wake kumayenda monyang'wa ngati wanyamula anthu mazana awiri. Ine ndine sajeni, ndagwira upolisi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo zopusa ndaziona zambiri. Za tsiku limenelo zinaposa zonse.

Mmene ndimafika, ambulansi inali itanyamuka kale ndi mayi wogulitsa zakumwa pageti. Ndege inamugwera kumaso. Pansi panali magazi, mabotolo ali mbwee, bokosi lake lozizirira zakumwa litagubuduzika. Azibambo asanu ndi atatu aja sanaime pamagazipo ayi. Anazungulira ndege yothyokayo, nkhope zili ndwii ngati pamaliro.

"Phikoli likhoza kumatika," wina anatero.

Za mayi uja palibe anafunsa.

Mwini ndegeyo anali wapampando wa kalabu yawo, dokotala wa mano. Jekete yoyera, nsapato zosadziwa fumbi, dzanja lamanja lili m'thumba. Chilichonse ankaloza ndi chibwano, ine n'kumati ndi matama chabe.

"Sajeni, iyi si ngozi," anatero Adokotala. "Munthu wachita dala, ndipo ndikutchulirani dzina."

"Yambani mwandiuza chimene chagwetsa chidole chanuchi."

Mawu oti chidole anawabaya, ndinaona.

"Injini izi zimamwa mafuta osakanikirana ndi mpweya. Pambali apa pali singano. Mukailowetsa, mafuta amachepa, injini imakuwa mwamphamvu, koma imatentha, ndipo ikafika m'mwamba imazima. Mukaitulutsa, mafuta amachuluka, imafuka utsi, imachita ulesi, koma siizima. Wotchuna injini zathu zonse ndi makaniko uja amati Khutu. Sabata yatha tinakangana. Lero wailowetsa singano dala kuti andichititse manyazi."

"Munamuona?"

"Ndinaima kumbuyo kwake injini ikulira. Ndinamuuza kuti, 'Iwe, mafuta achepa.' Iye osacheuka n'komwe anandiyankha kuti, 'Samalani mano a anthu, injini ndisiyireni.' Lembani zimenezo."

Ndinalemba. Ndisanatseke kabuku, foni yanga inalira. Anali abwana athu a kupolisi, amene mano awo onse oikirira anachokera m'manja mwa Adokotala omwewa.

"Makaniko ameneyo agone m'chitokosi," anatero abwana. "Mawa masana akaonekere kukhoti."

*

Mboni yachiwiri inali mphunzitsi wopuma ntchito, wa kabuku kolembamo ndege iliyonse yonyamuka. Munthu woti ukamufunsa nthawi amayamba ndi mbiri ya wotchi.

"Ndilongosole mwadongosolo, mayi. Choyamba, mphepo inkachokera kumpoto."

"Aphunzitsi, mphepo sindikuimanga. Injini anaitchuna nthawi yanji?"

"Mphindi zisanu itakwana 2 koloko. A Khutu anaitchuna, anaizimitsa. Chachiwiri, ndege ya mnzathu wina inakodwa mumtengo kumapeto kwa bwalo uko, ndiye tonse tinathamangira komweko. Ndege ikakodwa mumtengo aliyense amapita kukapereka nzeru, ndi mwambo wathu."

"Tonse?"

Aphunzitsi anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso.

"Wapampando sathamanga. Ali ndi vuto la bondo."

"Ndiye anatsala okha ndi ndege yawo."

"Sindinanene choncho. Chachitatu, patapita mphindi khumi ndinamva injini ikulira kumatebulo oikapo tindege kuja, kenako inazima. Amene anailiza sindinamuone, maso anga anali mumtengo. Ndege inanyamuka mphindi makumi awiri ndi zisanu itakwana 2 koloko. Inalibe utsi kumbuyo, zimenezo ndinazilemba, onani apa. Patatha mphindi ziwiri inangoti zii."

"A Khutu anali nanu pamtengo paja?"

"Ndikuganiza choncho. Koma kulumbira sindingalumbire."

Ndinawayang'ana mpaka anayamba kukanda m'khosi. Kenako ananong'ona, ngati akuulula chinsinsi cha boma.

"Mayi, mumvetse. Makina otchetchera udzu pabwalo pano ndi a wapampando."

Mwamva? Munthu akagone m'chitokosi chifukwa cha makina otchetchera udzu. Ena asanu ndi mmodzi aja ndinawafunsa mmodzimmodzi, ndipo onse maso awo anali mumtengo.

*

A Khutu anali bambo wa zaka ngati makumi asanu ndi limodzi, manja akuda ndi girisi wosachoka ndi sopo, zala zodzaza zipsera zakale. Ndinawakhazika m'chipinda chofunsira mafunso. Chiyambireni kulankhula, maso awo anali pamilomo yanga, osaphethira. Ndinanyansidwa. Akazi apolisi timawadziwa amuna oterowo.

"Munailowetsa singano, bambo?"

"Ndimailowetsa mpaka injini ifike pamapeto pa mphamvu yake. Ndikatero ndimaibweza masitepe atatu. Singano ikamazungulira imagwira kuti ke, ke, ke, amenewo ndiwo masitepe. Atatu, nthawi zonse, zaka makumi atatu. Pansi injini imaoneka yaulesi, koma m'mwamba thanki ikamatsika mafuta amachepa okha. Ukaikhutitsa mphamvu pansi, m'mwamba imafa."

"Munakangana chiyani ndi Adokotala?"

"Akuti ndege yawo ndimaifukitsa ngati basi yakale, alendo amawaseka. Ankafuna izikuwa kuposa za anzawo."

Ndinawerama n'kulemba, ndipo ndili chiweramire ndinafunsa kuti pamtengo paja anaima ndi ndani. Zii. Ndinafunsanso. Zii. Nditadzutsa mutu ndinawapeza akungondiyang'ana ngati sindinanene kanthu. Mtima unandipsa.

"Bambo, mwano wanuwo mukachite kushopu kwanu. Adokotala akuti anakuchenjezani ali kumbuyo kwanu, inu n'kuwayankha kuti asamale mano a anthu. Zoona?"

Anayang'ana manja awo.

"Ngati atero, atero."

"Mukudziwa kuti mayi uja diso likhoza kufa? Mukudziwa kuti ndi zaka zingati za ndende zimenezo?"

"Ali bwanji mayiyo?"

Anali munthu woyamba kufunsa. Koma ndinali nditakwiya, ndinangotseka kabuku n'kuitana Kopolo wathu.

"Kagwireni phiko la ndegeyo," anatero a Khutu pamene Kopolo anabwera kudzawatenga. "Ndege yotchuna ine imatera phiko lili noninoni ndi mafuta."

Ndinapita kuchipinda chosungira katundu wa umboni, ndinayendetsa chala paphiko, kumbuyo kwa paipi yotulutsa utsi. Louma gwa. Mafuta anachepadi. Koma phiko silikanandiuza dzanja limene linawachepetsa, ndipo chitsiru chimene ndinkafuna kuchithandizacho chinali chitavomera theka la mlandu ndi pakamwa pake.

*

Lolemba m'mawa ndinapita kuchipatala. Mayi wa zakumwa anali ndi bandeji theka la nkhope, koma pakamwa panali pabwinobwino.

"Abwera angati mwa azibambo a tindege aja?" ndinafunsa.

"Abwere? Inu! Zaka zinayi ndili pageti paja, palibe amadziwa ngakhale kuti ndili ndi ana angati. Amangoti, 'Mayi, yozizira.' Koma ine ndimawadziwa onse, ndi tindege tawo tomwe. Ya Aphunzitsi imalira ngati makina osokera. Zotchuna a Khutu zonse zimalira mokhuta, utsi uli pambuyo. Koma dzulo ya Adokotala, mayo ine, ngati udzudzu walowa m'khutu. Ndinati iyi siibwera bwino. Sindinadziwe kuti ikubwera kwa ine."

"Anthu atathamangira kumtengo, munaona chiyani?"

"Kumatebulo sindiona, pali galimoto zawo. Ndinangomva injini yalira, kenako munthu wakuwa kuti 'Ayi!', injini n'kuzima. Posakhalitsa ndikuona Adokotala akubwera, bondo lija litachira, liwiro ndithu. Moni ayi. Anatsegula okha bokosi langa, anatapa ayisi, anakulunga m'kampango, n'kubwerera. Ayisi wanga, dzanja lawo, osapempha!"

"Ayisi wa chiyani?"

"Ndinaganiza kuti ndi wa injini. Anthu aja injini amaisamala kuposa akazi awo."

Ndinakumbukira dzanja lija la m'thumba la jekete.

*

Shopu ya a Khutu inali chipinda chimodzi chopapatiza, majenereta atatu pakhomo akudikira, njinga zamoto ziwiri, mashelefu odzaza zitini za mabawuti. Akazi awo anali atakhala pampando wa amuna awo, maso otupa. Ndinatulutsa injini ya ndege yothyoka ija m'thumba la pulasitiki n'kuiika pathebulo. Sanaigwire. Anangowerama, anaiyang'ana pambali.

"Mzere wathyoka," anatero.

"Mzere wanji?"

Analoza ndi kachitsulo. Pamutu pa singano panali kadontho kofiira, ndipo pathupi la injini panali kena. Timadonthoto tinali titasemphana. Pashelefu, pakati pa zitini, ndinaona timabotolo tinayi ta utoto wofiira wopaka m'zikhadabo. Zikhadabo za mayiwo zinali zosapaka.

"Bambo akamaliza kutchuna amajambula mzere umodzi, kuchoka pasingano kufika pathupi. Ukauma, aliyense wogwira singanoyo amauthyola."

Nditajambula chithunzi, ndinawauza kuti aibweze singanoyo. Anaizungulitsa pang'onopang'ono. Ke, ke, ke, ke, ke. Pa sitepe yachisanu mzere unalumikizana.

"Asanu!" anatero, atagwira pakamwa. "Ameneyo si munthu wodziwa injini. Ndipo ngati anaigwira ikulira, muyang'ane zala zake. Wodziwa amaima kumbuyo kwa pulopela, chozungulira cha kutsogolo chija. Wosadziwa amaima kutsogolo n'kudutsitsa dzanja pamwamba, pulopela n'kumuluma."

"Nanga munthu wotchedwa Khutu, wotchuna ndi khutu, mzere ndi wa chiyani?"

Mayiwo anadzuka, anasuzumira panja, anakankha chitseko. Atabwerera analankhula motsitsa.

"Achemwali, ndikuuzani ngati mkazi mnzanga, osati ngati wapolisi. Bambo samva. Chaka chino ndi chachiwiri. Injini zomwezi zinawadya makutu. Amawerenga milomo. Mukawalankhula muli kumbuyo, ngakhale mukuwe bwanji, ndi chimodzimodzi kulankhula ndi khoma."

Ndinachita manyazi, ndikuvomera. Maso aja pamilomo yanga, funso lija ndinafunsa nditawerama. Ine wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi zaupolisi!

"Ndiye amatchuna bwanji?"

"Amaika chikhatho pathupi la ndege, kunjenjemera kwake kumawauza. Amayang'ana utsi. Amatsina kapaipi ka mafuta n'kuona ngati injini ikuyamba yathamanga kaye isanazime. Amadontheza malovu pamutu pa injini kuti aone kutentha. Chiyambireni kugontha palibe ndege yawo inagwapo, ngakhale imodzi."

Mlandu unali utatha pamenepo. Munthu wosamva sangayankhe mawu olankhulidwa kumbuyo kwake injini ikukuwa. Nkhani ya Adokotala inali yophika, ndipo kalata imodzi ya kuchipatala cha makutu ikanaigwetsa pamaso pa woweruza aliyense. Ndinatsegula kabuku kanga. Mayiwo anagwira dzanja langa.

"Chonde musalembe. Majenereta mukuwaona pakhomowo amabwera chifukwa cha dzina limenelo. Anthu amati kapite nayo kwa a Khutu akaimvere. Akadziwa, ngakhale njinga yakapalasa sadzabweretsanso. Bambo anandiuza kale kuti bola ndende kusiyana ndi kusekedwa pamsewu uno."

Nthawi inali itadutsa 10 koloko. Khoti linali la 2 koloko.

*

Chipinda chodikirira kwa Adokotala chinali ndi mipando khumi ndi iwiri yachikopa, yonse yopanda munthu. Namwino wawo, mayi wamkulu wooneka wotopa ndi moyo, anandiuza kuti odwala onse a tsiku limenelo abwezedwa.

"Akuti dzanja lavulala ndi chitseko cha galimoto," anatero, maso ali kudenga.

Ndinawapeza atakhala kuseri kwa desiki, pakhoma zithunzi zawo zokhazokha, atanyamula zikho, atanyamula tindege. Zala ziwiri zakumanja zinali ndi pulasitala kumsana kwake. Chitseko cha galimoto chimafinya chala mbali zonse ziwiri, sichicheka kumsana kokha. Koma munthu ngati uyu, wokhala ndi loya ndi abwana anga m'thumba, pulasitala ndi ayisi sizikanamugwira. Chida chotsimikizika, chinsinsi cha kugontha kwa a Khutu, ndinali nacho, koma ndinali nditachisiya kushopu kuja. Ndinakhala pansi osauzidwa, ndipo chitseko ndinachisiya chotsegula.

"Ndabwera kudzakutsimikizirani kuti inu mulibe mlandu, Adokotala."

"Zimenezo ndimazidziwa kale."

"Panali kamphekesera koti wina anagwira singano a Khutu atachoka. Ndinafunsa ngati angakhale inu. Eee, anthu anaseka! A Khutu akuti inu simudziwa ngakhale mbali imene singano imazungulira. Anzanu akuti mumangogula ndege zodula, ena akutchunirani, ena akulizirani, inu n'kugwira rimoti pojambulitsa."

Ndinanama, inde. Anthu aja analibe mtima wonena zimenezo, ngakhale zinali zoona.

"Ndani wanena zimenezo?"

"Musadandaule, zikuthandizani. Ndalemba apa kuti, 'Mwini ndege alibe luso lililonse pa injini, ndipo amaopa kuyandikira ikamalira.' Ziwerengedwa m'khoti masana ano. A kalabu onse adzakhalapo."

Mitsempha ya pakhosi inawatuluka. Anaimirira, mpando unagunda khoma.

"Ine? Ine amene ndinayambitsa kalabu imeneyi? Kamakaniko kolavulira malovu pa injini yanga kakandiphunzitse ine? Injini ija inkatsamwa ndi mafuta, aliyense wa makutu akanamva! Masitepe asanu okha, inayamba kuimba ngati injini yeniyeni. Chinaipha ndi pulagi, osati..."

Anaima pomwepo, pakamwa pali yasa.

"Asanu," ndinatero. "Ine nambala sindinaitchule, Adokotala."

Anayang'ana kuchitseko. Namwino anali ataima pamenepo ndi thireyi ya zitsulo, ndipo kwa nthawi yoyamba nkhope yake inaoneka ya munthu wosangalala ndi ntchito.

"Ndamva bwinobwino, Sajeni," anatero. "Ndipo mabala aja ndinatsuka ndine dzulo. Galimoto yake ndi ya mapiko."

Adokotala anakhala pansi pang'onopang'ono. Ndinadikira kuti mwina afunse za diso la mayi uja. Anafunsa ngati nkhaniyi ingathe osafika kwa a kalabu.

*

Abwana anga atamva, anatukwana pang'ono, kenako anakumbukira kuti madokotala a mano alipo ambiri. Anasaina pepala lotulutsa a Khutu nthawi ili 1 koloko.

Makiyi a chitokosi amasunga Kopolo wathu, bambo wamimba, wamiseche woti nkhani ikalowa m'khutu mwake m'mawa, masana yafika kumsika. Njinga yake yamoto amakonzetsa kwa a Khutu omwewo. Anatsegula chitseko. A Khutu anali atakhala pabenchi, atatifulatira, akuyang'ana kawindo ka m'mwamba.

"A Khutu, tulukani, mwapulumuka!" anakuwa Kopolo.

Sanagwedezeke.

"A Khutu!" Anagwedeza makiyi mwaphokoso. Kenako anakwinya nkhope, ananditembenukira. "Sajeni, kodi bambo awa sakumva?"

"Akumva," ndinatero, ndikumukankhira pambali. "Ndi mwano. Dzulo anandichita zomwezi. Munthu mwamugoneka pasimenti wosalakwa, mukufuna akuvinireni?"

Ndinazungulira n'kukaima patsogolo pawo, pamene kuwala kwa kawindo kankandigwera kumaso. Ndinalankhula mosathamanga.

"Adokotala avomera. Mukupita kunyumba, bambo."

"Diso la mayi uja?"

"Akuti lipulumuka, koma chipsera chikhala."

Anagwedeza mutu. Kenako anaona thumba la pulasitiki m'manja mwanga, injini ili m'katimo, mzere wofiira utalumikizana. Anadziwa kumene ndinapita, anadziwanso zimene ndinauzidwa. Nkhope inagwa. Munthu amene sanaope zaka za ndende apa ndinamuona akuopa.

"Mwalemba chiyani, mayi?"

Kopolo anali pakhomo, makutu ali tcheru. Ndinamufulatira bwinobwino. Ndinayendetsa milomo yokha, mawu osatulutsa ngakhale pang'ono: Sindinalembe.

A Khutu anawerenga milomo yanga, kenako anadzuka n'kukonza kolala ya malaya awo.

Panja Kopolo sanachedwe. Anawakokera pamthunzi pamene amaimika njinga yake, akudandaula kuti masiku ano ikumveka kaphokoso kachilendo, mwina angoimvera pang'ono asanapite. A Khutu anaizungulira njingayo, anakaima moyang'anana naye, anaika chikhatho chawo chakuda chija pathanki.

"Ilizeni ndimve," anatero.